Dzina la Bambo Lagona M'kaundula

Lolemba, 7 Epulo

Mvula yamawawa kuyambira m'mawa. Bondo lakumanzere likundikumbutsa kuti lilipo. Makalata mathireyi atatu, maphukusi 41, galu wa kwa a Pruitt wandithamangitsanso mpaka pamlatho.

Pofika kunyumba ndapeza Bambo ali patebulo, magalasi pamphuno, kakhadi kachikasu m'manja. Khofi wazizira osamukhudza. Kakhadi kochokera ku ofesi ya zisankho kuboma. Ati kalata imene tinakutumizirani mu Febuluwale ku 14 Alder Lane inabwerera, choncho dzina lanu taliika pa mayina ogona. Dzina logona silitumiziridwa pepala lovotera.

Kuno ku Oregon voti imabwera ndi ine m'galimoto ya positi, n'kubwereranso ndi ine. Dzina likagona, palibe chobwera.

Chisankho chili pa 20 Meyi. Nkhani yake ya madzi: mapaipi a ku Pinnock Creek akonzedwe kapena asiyidwe. Moto wa mu Ogasiti unasungunula onse, pamodzi ndi nyumba ya Bambo ndi theka la tauni. Popanda madzi palibe amene aloledwe kumanganso. Ovota ndi anthu a m'tauni momwemo okha. Ine ayi, ndimakhala mamailosi 11 kunsi kwa mtsinje, kumene Bambo akugona m'chipinda changa chosokera chipsereni nyumba.

Bambo ali ndi zaka 86. Sanaphonyepo chisankho chiyambire 1960.

"Wabweza kalata yanga ndani?" Funso lomwelo katatu.

Ndati kaya. Bodza lamkunkhuniza. Alder Lane ndi njira yanga zaka 23. Mu Febuluwale ndinadinda ndekha maenvulopu 52: PALIBE BOKOSI, BWEZANI. Lamulo limatero. Makalata ena onse amatsata munthu kumene wasamukira, koma a zisankho satsata. Ndinadinda mothamanga, mutu uli ku maliro a Amayi amene tinali titangoika mu Januwale. Ya Bambo inali pakati pomwepo. Ndinaiona. Ndinadinda.

Sindinadye.

Lachiwiri, 8 Epulo

Nthawi yopuma masana ndaimbira Ofelia Barragan, mnzanga wakusukulu, amene tsopano amasunga kaundula wa ovota kuboma. Asanandipatse n'komwe moni: "Verlie, chidindo chija ndinachizindikira. Chimapendekera kumanja ngati mwini wake." Mkazi ameneyu sanasinthe.

Ndalemba zonse kumsana kwa envulopu.

Fomu yodzutsira dzina ili ndi mizere iwiri. Woyamba: kumene mumakhala. Wachiwiri: kumene mumalandirira makalata. Nyumba ikapsa, munthu n'kukhala ndi mtima wobwerera, kwawo n'komweko, ngakhale patatsala phulusa lokha. Ndiye mzere woyamba alembe paphulusapo, wachiwiri alembe motelo, kalavani, kwa mwana wake, kulikonse.

Koma anthu akulemba motelo pamzere woyamba! Asanu ndi awiri achita kale zimenezo, ati ponena chilungamo. Makina awachotsa ku Pinnock Creek n'kuwaika m'tauni yayikulu. Pa nkhani ya madzi awo omwe sadzavota. Ena akungotaya kakhadiko, akuyesa n'kotsatsa inshuwalansi.

Kaundula apita kosindikiza pa 24 Epulo, 5 koloko madzulo. Wochedwa adzayenera kukatenga yekha pepala kuboma, mamailosi 70 kudutsa phiri. Theka la anthu amenewa ndi nkhalamba, ena alibe ndi galimoto yomwe.

Ofelia ati: "Iwe ukudziwa kumene aliyense ali. Tandipatsa mndandanda." Ndikudziwadi. Ndikhoza kuwatchula nditatsinzina. Ndafunsa a Kimbrough, bwana wa positi. Atukula nsidze. "Munalumbira, Mayi Haugstad. Adiresi ya munthu si yanu." Akunena zoona, n'chifukwa chake zikundinyansa.

Masiku 16.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndawauza. Tikudya mbatata ndi nyama yotsala dzulo. Ndangoti, Bambo, wabweza kalata yanu ndine.

Atafuna, ameza, apukuta pakamwa. Bola akanandikalipira.

Kenaka: "Mayi ako ndiye agona. Ine ndili maso."

Ndawatulutsira fomu, ndawaonetsa mizere iwiri ija bwinobwino, ngati mphunzitsi. Woyamba Alder Lane, wachiwiri pano panga. Ntchito ya mphindi ziwiri. Aikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Adiresi yanga ndi imodzi. Munthu akayamba kulemba mizere iwiri, wachiwiri umadya woyamba."

Ndati ndi lamulo lothandiza inu nomwe. Ati lamulo lomwelo ndi limene linakupatsa chidindo. Ati voti yawo yakhala ikubwera ku 14 Alder Lane chiyambire mavoti a m'makalata, ibwere komweko kapena isabwere. Ndati ikapita kumeneko ibwereranso, ndipo wodinda ndidzakhala ine ndemwe. Ati ndiye udzadinde.

Mutu wouma umenewu ndi umene ndinatengera, ndiye ndikadandaule kwa yani?

Ndikukumbukira tebulo la kukhitchini kuja. Bambo mbali iyi, Amayi mbali iyo, aliyense ataphimba pepala lake ndi mkono ngati ana pa mayeso. Bambo akati Inde, Amayi Ayi. Zaka 58. Pomata envulopu Bambo ankati, "Maudie, wandipheranso voti." Amayi n'kumati, "Ndinakwatiwira zomwezo."

Lachinayi, 10 Epulo

Mgonero wa opserera ku holo ya tchalitchi, monga mwa Lachinayi lililonse. Nyemba zatsabola ndi chigumu. Ndapita nditavula yunifomu, mafomu 60 m'thumba la pepala. Adiresi sindingaulule, koma kuima pagulu n'kuyankhula palibe anandilumbiritsa.

Nkhani yafala kale. Ndikungolowa pakhomo, a Delphine Rasch, amene ankakhala ku nambala 22, akuwa holo yonse imve: "Taonani, abwera a Chidindo! Bisani mayina anu!" Anthu kuseka. Nkhope yanga kutentha.

Ndakwera pampando ndi bondo langali. Ndati inde ndine, ndinadinda 52, ya bambo anga yomwe, ndipo mawa akandipatsa ndidindanso chifukwa ndiyo ntchito. Koma lero ndabwera ndi mankhwala ake. Ndafotokoza za mizere iwiri, kawiri, chifukwa a Pruitt samva khutu limodzi.

A Delphine ati iwo anabweza kale kakhadi kawo, sachedwa ngati anthu ena. Ndafunsa kuti mzere woyamba analembapo chiyani. Ati motelo, nanga ndimagona kuti? Ndati ndiye pepani mayi, simulinso wa ku Pinnock Creek, mudzavotera magetsi a m'misewu ya m'tauni yayikulu.

Abale! Mukanawaona a Delphine! Kukamwa yasa, supuni ili m'mwamba. Kenaka: "Ndinabadwira pa nambala 22 ine! Patse fomuyo."

Mafomu 11 osainidwa usanathe mgonero. Potuluka a Delphine andigwira mkono. "Iwe unalumbira, ine sindinalumbire. Palibe amene anayetsemula chipsereni tauni ija ine osamva. Lamulungu tikwera pikapu yanga, tikawasake."

Ndaimba nyimbo m'galimoto njira yonse. Bambo sanapite nawo, ati bondo. Chonsecho wodwala bondo ndine.

Lamulungu, 13 Epulo

Tsiku lonse m'pikapu ya a Delphine. Imanunkha agalu ndi ndudu. Iwo akuloza njira, ine duu, manja pamiyendo. Pena akhotera kolakwika ndimangotsokomola. Kutsokomola si kuulula.

Ku motelo ya pamsewu waukulu: 7. Kumakalavani a pabwalo la chionetsero: 9. Banja la a Yoder kuseri kwa shopu ya matayala: 2.

Mayi wina, sindilemba dzina, watitsekulira chitseko pang'ono chabe. Ati sakufuna kumvanso dzina la tauni ija. A Delphine amufunsa za maluwa ake aja a pakhonde, ati aphukanso okha paphulusa, ndawaona dzana. Mayiyo walira, wasaina. Pobwerera ndafunsa ngati aphukadi. "Ndikapita ndikaone."

A Stroud atiuza kuti adzavota Ayi, msonkho wa madzi wakwera mokwanira. A Delphine afuna kubweza fomu m'thumba. Ndawalanda. Sitikutolera ma Inde, tikudzutsa mayina. Anyinyirika mpaka pa filing'i siteshoni.

29 tsopano. Ya Bambo ikadali pafiriji, yopanikizidwa ndi maginito, yoyera mbee.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ndayesanso m'mawa. Ndawaphikira mazira momwe amakondera, fomu pambali pa mbale, cholembera pamwamba. Adya mazira.

Ndapsa mtima. Ndati anthu 29 amva, inu nokha ndinu ndani? Ati, "Ndine Orval Haugstad wa ku 14 Alder Lane." Ndamenyetsa chitseko, ndaiwala ndi chakudya changa chamasana.

Ndadzutsa mayina a tauni yonse, la bambo anga likundikanika. Zimenezi zikundiwawa kuposa bondo.

Lachitatu, 16 Epulo

Ndalowa mu ofesi ya a Kimbrough osagogoda. Ndati bwana, chimafunika n'chiyani kwenikweni kuti ndisiye kalata pa adiresi? Osati zimene timachita, zimene zinalembedwa.

Munthu ameneyu amakonda buku lake la malamulo kuposa mkazi wake. Alitsitsa pashelefu, anyambita chala, atsegula. Awerenga mokweza: bokosi loima m'mbali mwa msewu, pamsinkhu wake. Nambala yooneka. Msewu wodutsika. Mwini wake azichotsamo makalata, asaunjikane.

Ndati nanga nyumba? Abwerera pamwamba, awerenganso, atembenuza tsamba. Avula magalasi.

"Za denga bukuli silikunenapo."

Ndikanawapsompsona padazi! Ati koma mkuluyo asainire kuti makalata ake asiye kumutsata kwanu, ndipo bokosi ndikaliyeza ndekha ndi tepi. Ndati bwerani ndi matepi awiri.

Kunyumba ndawauza Bambo ndisanavule ndi jekete. Sanamwetulire. Angofunsa ngati a Pruitt akadali ndi chokumbira maenje a mitengo ya mpanda, poti chawo chinapsa. Ndafunsa kuti azikatenga bwanji makalata tsiku ndi tsiku, galimoto anasiya kuyendetsa. Ati Delphine amadutsa pano popita kukadyetsa amphaka ake aja otsala kuphulusa. Ndiye kuti anaganiza kale! Akhala akudikira kuti ine ndifike pamene iwo anafika sabata yatha.

Loweruka, 19 Epulo

Ndaweruka 2 koloko, molunjika ku Alder Lane. Ndimadutsako tsiku lililonse osaima, maso kutsogolo. Lero ndaima. Machumuni okhaokha ali njo, mitengo ya paini yakuda ngati makala. Udzu wayamba kumera m'mphepete mwa simenti.

Bambo ali kale komweko chiyambire m'mawa ndi a Delphine. Bokosi lakale alipeza m'ngalande. Penti yonse inapserera, mbali imodzi yopindika. Aliwongola ndi hamala pa simenti ya khonde. Ndati ndikugulirani latsopano. Andiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Kambendera kofiira kaja, kamene munthu amakweza pofuna kuti ndiime nditenge kalata, kanali kapulasitiki, kanasungunuka. Adula kena pa chitini cha khofi. Kofiira ndithu, ndi zilembo ziwiri za dzina la khofi zikuonekera.

Dzenje ndakumba ine, iwo akulamula. Lafupika. Lapendekeka. Wakumba ngati nkhuku. Zaka 57, ndikukalipiridwabe za dzenje.

Polemba dzina ndi penti yoyera alemba O. NDI M. HAUGSTAD. Ndati Bambo, dzina la Amayi linachotsedwa m'kaundula, Ofelia anachotsa yekha chikalata cha imfa chitafika, ndipo anachita bwino. Ati, "Bokosi si kaundula."

Ndatembenukira kumtsinje kwa kanthawi.

A Delphine aona bokosi laima, nsanje yawagwira. Ati nambala 14 ikhale ndi bokosi, 22 ikhale yopanda? Aimbira anthu. Pofika 5 koloko a Pruitt, a Yoder ndi ena atatu ali ndi mafosholo. Wina wabwera ndi bokosi lonyezimira la m'sitolo, mtengo wake ukadali pomata, amuseka mpaka wachita kulipaka dothi.

Mabokosi 7 mumsewu wopanda nyumba ndi imodzi yomwe. Maluwa a mayi uja aphukadi. A Delphine adabwa kuposa ine.

Lachiwiri, 22 Epulo

A Kimbrough apita ndi tepi yawo. Bokosi la a Yoder latsika ndi mainchesi awiri, akweze. La Bambo lili ndendende. Ati kambenderako si kovomerezeka kwenikweni, koma bukulo limangoti kaoneke. Kakuoneka.

Bambo asaina. Mzere woyamba: 14 Alder Lane. Wachiwiri ajambulapo mzera wautali kuchokera uku kufika uko, kuti wina asadzalembepo kanthu iwo atatembenuka. Akutanthauza ine.

Dzanja lawo likunjenjemera masiku ano. Ayeseza kaye katatu pa nyuzipepala. Ofelia anandichenjeza kuti siginecha ya pa envulopu ya voti amaifananitsa ndi ya m'kaundula, ndiye bola yatsopanoyi ilowe, yonjenjemera yomweyo.

Mafomu 44 muli ndi ya Bambo. Otsala 8. Mmodzi anamwalira mu Malichi. Atatu ati sabwereranso, awachotse, ndipo ndi ufulu wawo. Anayi a Delphine awalephera. Awiri mwa anayiwo ine ndikudziwa kumene ali. Ndatsokomola mpaka kukhosi kuwawa, a Delphine osamva. Ndaika mafomu m'maenvulopu, ndalemba maadiresi awo akale, ndamata masitampa anga. Kalata wamba imatsata munthu. Ikafika, ifika.

Sinditumiza 44 amenewa papositi. Inde, ine wapositi. Ndapempha tchuthi Lachinayi.

Lachinayi, 24 Epulo

Ndalemba izi nditakhala m'galimoto kunja kwa ofesi ya zisankho.

Ndanyamuka 10 koloko. Paphiri chipale chofewa, mu Epulo! Thiraki ya mitengo yapingasa msewu, maola awiri tili chiimire. Ndafika 2 koloko itadutsa, chikhodzodzo chili pafupi kuphulika.

Ofelia walandira thumba, wawerenga, wayamba kulowetsa m'makina imodziimodzi. Dzina la Rasch, ladzuka. Pruitt, ladzuka. Stroud wa Ayi uja, ladzuka. Ine ndili chilili pakauntala ngati ndikudikira odwala.

Ya Bambo ndinaiika pansi penipeni, kaya chifukwa chiyani. Wafika pa iyo 4 koloko itangokwana. Makina akana. Adiresi ya 14 Alder Lane ili ndi chizindikiro chakuti makalata safikako, ndipo mzere wachiwiri mulibe kanthu. Chizindikirocho chinabwera ndi chidindo changa chomwe chija. Enawo adutsa chifukwa analemba mizere yonse iwiri, mabokosi awo n'ngongokometsera. Wouma mutu ndi mmodzi yekha.

Ofelia ati, "Sindingatumize pepala kumene ndikudziwa kuti libwerera, Verlie. Lemba adiresi yako apa, ndi bambo ako." Cholembera wandipatsa m'manja. Mzera wa Bambo uja uli pompo, kuchokera uku kufika uko.

Ndachigwira cholemberacho nthawi ndithu. Ndachibweza. Ndinawachitira kale chinthu chimodzi kumbali, chakwana.

Ndafunsa chimene chingachotse chizindikirocho. Kalata ya bwana wa positi yonena kuti makalata ayambanso kufika. Ndaimbira a Kimbrough, foni ingolira. Kachiwiri. Kachitatu wayankha wapakauntala, ati atuluka, apita kukayezanso bokosi la a Yoder. Mayo ine, tepi ija! Ndaimbira a Delphine. Ati ndili pompano ndi amphaka, ndikumuona, wagwada ndi tepi yake. Ndawamva ndekha akukuwa foni ili m'manja: "Iwe Kimbrough! Siya zimenezo, thamanga ku ofesi!" Bwana wathu sanaitanidwepo iwe chibadwire.

4:20. 4:30. Ofelia akuyang'ana wotchi, ine ndikuyang'ana Ofelia. 4:41 makina a fakisi a pakona alira, kalata ya a Kimbrough yatuluka. Ndime zitatu, manambala a malamulo, msinkhu wa bokosi m'mainchesi, ndi mawu akuti kambendera "kakuoneka mokwanira." Munthu akuthamangitsidwa koma walemba ndime zitatu!

Ofelia wadina. Watembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. HAUGSTAD, ORVAL T. Pamene panali mawu akuti wogona palibenso.

Ndakuwa. Mlonda wasuzumira. Ofelia ati, "Tuluka usanandichotsetse ntchito," koma maso ake ali ndi misozi, ndawaona.

Ndaimbira Bambo. Ndati dzina lanu ladzuka. Ati, "Silinagone. Pobwera ugule mkaka."

44 mwa 52. Ndagula payi wa maapulo wathunthu, ndadya kota ndi manja m'galimoto muno.

Lolemba, 28 Epulo

Ofelia watumiza uthenga: mmodzi mwa awiri aja wabweretsa yekha fomu yake, wavota pakauntala pomwepo. 45. Winayo zii.

Bambo amapita ku Alder Lane m'mawa uliwonse ndi a Delphine. Amakangana njira yonse, ati. M'bokosi mumapezeka zotsatsa malonda a matayala ndi kalata ya dokotala wa maso. Amabwera nazo kunyumba ngati apha nyama.

Lachisanu, 2 Meyi

Mapepala ovotera afika. Thireyi yathunthu, maenvulopu aakulu a mzera wobiriwira. Posanja m'mawa ndaipeza: Orval T. Haugstad, 14 Alder Lane. Chidindo chija chinali pomwepo patebulo. Ndachitsekera m'dirowa.

Dzuwa lili phwee. Ndakhotera mu Alder Lane 11 koloko, ndachepetsa liwiro, koyamba m'miyezi isanu ndi itatu ndili ndi choimira. Bambo ali pampando wopinda pafupi ndi bokosi, avala malaya a tchalitchi ndi chipewa. A Delphine, a Pruitt ndi a Yoder ali pamabokosi awo, ngakhale mapepala awo akupita ku motelo ndi kumakalavani. Ati abwera kudzaonerera.

Ndatsitsa galasi, ndawatambasulira envulopu. Manja apinda pachifuwa.

"Ika m'bokosi. Sudziwa ntchito?"

Ndatsegula, chitseko chalira kwiii, ndaika, ndatseka. Adikira mpaka ndasuntha galimoto pang'ono. Ndiye aimirira, atsegula, atulutsa, awerenga dzina lawo mokweza ngati pali amene amatsutsa. A Delphine aliza hutala ya pikapu, a Pruitt aponya chipewa m'mwamba chagwera m'ngalande.

Ndaliza nanenso hutala ya positi. Sitiloledwa. A Kimbrough akafufuze m'buku.

Loweruka, 3 Meyi

Kambendera ka chitini cha khofi kali m'mwamba. Ndakaonera patali, pa khona la a Pruitt.

A Delphine andiuza kuti dzulo nditachoka Bambo anakaika mpando pa simenti, pamalo enieni pamene panali tebulo la kukhitchini. Pepala pabondo, katoni pansi pake. Ati anaphimba ndi mkono. Panalibe woonera, a Delphine anali kutali ndi amphaka, koma anaphimba.

Envulopu yomata bwino, siginecha yonjenjemera kumsana. Ndatsitsa kambendera. Sindinaiponye m'thireyi ndi zinzake, yayenda pampando wa pambali panga mpaka ku positi.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndayang'ana pa foni nthawi yopuma. Ofesi ya zisankho ikuti voti ya Bambo yalandiridwa, siginecha yavomerezedwa, iwerengedwa. Ndawaonetsa Bambo. Ati zilembo n'zazing'ono, koma aigwira foniyo mpaka yazima yokha.

Lachitatu, 21 Meyi

Zotsatira pa wailesi 7 koloko m'mawa. Madzi a ku Pinnock Creek: Inde 71, Ayi 46. Mapaipi akonzedwa!

A Delphine aimba foni ndisanatsirize kutsuka mano, akukuwa kuti ndi iwo apambanitsa. Ofelia watumiza mawu awiri okha: "Chidindo chawongoka." A Stroud ndakumana nawo pa filing'i siteshoni, ati taluza koma zikomo, ndinavota. Ndasangalala ndi zikomo ameneyo kuposa ena onse.

Ndinkayesa Bambo avina. Akhala patebulo, khofi m'manja, akuyang'ana mpando wopanda munthu. Ndati mwapambana, Bambo, voti yanu ili m'kati mwa 71 amenewo.

Ati, "Ndikudziwa. Zaka 58 mayi ako akundiphera. Aka n'koyamba kuti iwerengedwe yathunthu." Aika khofi patebulo. "Ndinadikira pa simenti paja kuti mwina wina anena Ayi."

Ndawagwira phewa. Ati ndichedwa kuntchito.

11 koloko, Alder Lane. Mabokosi tsopano ndi 12. Pa nambala 14 kambendera kali m'mwamba kachiwiri. Envulopu yokhuthala, masitampa atatu, yopita ku ofesi yopereka zilolezo zomangira nyumba. Sanandiuze kanthu. Munthu wa zaka 86! Pakona ya kumanzere adiresi ya wotumiza, mzere umodzi.

Ndaiika pampando wa pambali panga. Madzulo ndikawafunsa kuti khitchini ikayang'ana kuti, chifukwa tebulo latsopano liyenera kukaima pamene panali lakale lija.